Mwamuna Amene Anasanduka Apongozi a Mkazi Wake

Ku Mpatamatu, dera la kumigodi, kulibe munthu amene sadziwa kuti Bashi Lombe satha kuimba. Dzina lawo la pachitupa ndi Fanwell Nkweto, koma chibadwire mwana wawo woyamba, Lombe, aliyense amangoti Bashi Lombe, kutanthauza bambo a Lombe, ndipo akazi awo, Belita, ndi Bana Lombe, mayi a Lombe. Kusatha kuimba kumene ndikunenaku si kwamasewera ayi. Alipo anthu amene amaphonya nyimbo apa ndi apo n'kubwereranso mumzere. Bashi Lombe nyimbo sanakumanepo nayo n'komwe. Anthu akamakwera, iwo amatsika. Anthu akamaliza, iwo amakhala ali pakati, ndipo amapitiriza okha mpaka kumapeto, poti ndi munthu wosakonda kusiya ntchito panjira.

Ambiri ankati ndi mgodi. Bamboyu anagwira ntchito yophulitsa miyala pansi pa nthaka kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu mpaka imvi zitati mbuu, ndiye anthu ankati mabomba anawaononga makutu. Koma mlongo wawo wa ku Kasama atabwera kumaliro ena anatsutsa zimenezi pagulu. Anati Fanwell ngakhale ali khanda ankalira mosokoneza, moti mayi awo akamva kulirako ankayamba kaye akayang'ana kukhola la mbuzi.

Kutchalitchi anayesa zonse. Anawaika kumbuyo, mawu ankafikabe kutsogolo. Anawapatsa chisekese, chisekese nachonso chinayamba kuphonya. Pomaliza akulu a mpingo anawapatsa udindo wolemekezeka woyang'anira njinga panja, ndipo Bashi Lombe anaulandira ndi manja awiri, osadziwa kuti awathamangitsa. Palibe njinga imene inabedwapo, poti amalondera akuimba.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu anakwatira mkazi wa mawu okoma kuposa onse m'deralo. Belita ankatsogolera nyimbo kukwaya, kumaukwati ndi kumaliro, ndipo masana ankagulitsa kumsika chikanda, chakudya chija cha mizu ya m'dambo ndi nsinjiro. Anzake akamufunsa chimene anaona mwa Fanwell, ankati mwamuna woimba chonchi palibe mkazi wina angamube. Pakamwa pomwe pankatuluka nyimbo zokomazo m'pamenenso pankatuluka mawu olasa. Bashi Lombe anakalipiridwa moyo wawo wonse wa m'banja, chifukwa cha nsapato zamatope, chifukwa chomwa tiyi ndi phokoso, chifukwa chobwereketsa khasu, ndiponso chifukwa chokana kubwereketsa khasu ngati munthu wopanda chifundo. Anzawo ankawaseka kuti bomba saliopa, koma akangomva kuti "Bashi Lombe, tabwerani kuno" amathamanga ngati mwana. Iwo sankakana, ndipo sankadandaulanso.

Kuiwala kunawayamba Bana Lombe mwakachetechete, amuna awo atapuma kale pantchito. Tsiku lina anathira soda kawiri m'chikanda, chikanda n'kutuluka chowawa ngati mankhwala a malungo. Tsiku lina anapita kumsika atasenza beseni lopanda kanthu, n'kukhala pabenchi pawo mpaka masana akuingitsa ntchentche pabeseni lomwelo. Anzawo anawaperekeza kunyumba, ndipo za kumsika zinathera pomwepo.

Koma chimene chinawathetsa nzeru Bashi Lombe chinachitika m'mawa wina ali pakhonde akumwa tiyi. Akazi awo anatuluka ndi tsache, atawaona anaima njii, tsache n'kugwa. Anabwerera m'mbuyo, anagwada cha patali nkhope atalozetsa kukhoma, n'kuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, atate? Mwafika liti kuchokera ku Kasama? Pepani, mwana wanu Ba Fanwell sanaweruke, akadali kumgodi."

Bashi Lombe anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwawo kuli munthu. Kunali mpanda wokha. Anayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma anakumbukira kuti Belita anali asanagwadirepo munthu mwanthabwala. Analowa m'nyumba kukadziyang'ana pagalasi la pakabati, ndipo anaona zimene akazi awo anaona: dazi lonyezimira, makutu otambalala, mlomo wam'munsi wolendewera pang'ono. Anali bambo awo enieni, amene anamwalira kalekale. M'mutu mwa Bana Lombe zaka zinali zitabwerera m'mbuyo mpaka nthawi imene anali atangokwatiwa kumene, ndipo nthawi imeneyo nkhalamba ya nkhope yotere inali imodzi basi, apongozi awo.

Tsono Belita anali mkazi wolangizidwa bwino. Alangizi a kwawo anagwira ntchito mosanyengerera: apongozi suwayang'ana kumaso, sudya iwo ali pafupi, sudutsana nawo panjira, suwayankha utaimirira. Malamulo onsewa, amene anali atagona zaka zambirimbiri, anadzuka tsiku limodzi n'kugwera Bashi Lombe. Akakumana pakanjira kopita kuchimbudzi, Bana Lombe ankalumphira m'chinangwa. Chakudya ankachiika pakhomo chovindikira bwino, n'kugogoda, n'kuthawa. Ndipo poti mlendo wotere sapatsidwa tinsomba ta kapenta, nkhuku zinayamba kutha, ndipo zawo zitatha zinayamba kuchepa za aneba. Za kuchipinda ndiye musafunse. Atangoyesa kulowamo kuti atenge malaya, Bana Lombe anathawira kwa aneba n'kukanong'ona kuti apongozi awo mutu sukuyenda bwino. Kuyambira pamenepo Bashi Lombe anasamukira pasofa.

Masiku oyambirira, tinene zoona, bamboyu anakondwa. Analowa ndi nsapato zamatope mpaka pabalaza, palibe anayankhula. Anamwa tiyi ndi phokoso lomveka kumsewu, Bana Lombe anangomwetulira khoma. Kubawo ankanyadira kwa anzawo kuti ulemu umene anausaka moyo wonse wabwera wokha, ndi nkhuku pamwamba. Anzawowo sanawasiye. Wina anati azingodya, mwayi wotere subwera kawiri. Wina anati amufunsirenso mkaziyo mwatsopano.

"Afunsira bwanji, iwe?" anatero wachitatu. "Waiwala kuti mwini wake ali kumgodi? Akaweruka adzam'thyola miyendo mdalayu."

Bashi Lombe anaseka nawo, koma ulemu uja unayamba kuwawa msanga. Nyumba inazizira. Ankasiya dala khasu pamvula n'kukhala pakhonde kudikira kuti mwina amva mawu, koma khasu linkangochita dzimbiri. Chopweteka kwambiri chinkabwera nthawi yoweruka kumgodi. Bana Lombe ankasamba, kudzola, kumanga chitenje chabwino n'kukaima pageti kudikira Ba Fanwell. Ba Fanwellwo ali kumbuyo pakhonde, akuyang'ana msana wa mkazi wawo, nsanje ikuwadya, yochitira munthu amene ndi iwo omwe.

Anayesa nzeru zawo. Anafukula ovololo yakale ndi chipewa cha kumgodi, anazemba kudzera kuseri, n'kubwera kuchokera kumsewu akuyenda monyang'wa ngati mnyamata. Ovololoyo inakana kutseka pamimba. Bana Lombe anagwada pamsewu pomwepo n'kufunsa mwaulemu ngati atate asowa zovala, kuti auze mwana wawo awagulire. Tsiku lina anadetsa ndevu ndi polishi wa nsapato, koma linali dzinja, ndipo mvula inawapeza asanafike pageti.

Lombe, amene ndi mphunzitsi ku Ndola, anabwera sukulu zitatsekera. Mayi ake anamulandira ngati mng'ono wawo wochokera kumudzi. Aneba atamufotokozera za chinangwa ndi za polishi, iye sanaseke, chifukwa anaona chimene enawo sankaona, kuti mayi ake akuonda. Bashi Lombe sachokachoka pakhomo, ndipo munthu sadya apongozi ali pafupi, choncho Bana Lombe ankangotola pang'ono mobisa kukhitchini, masiku ena osadya n'komwe. Lombe anawauza bambo ake mosapsatira kuti sukulu zikamatsegulira awatenga amayi kupita nawo ku Ndola, kumene kulibe apongozi oti aziwaopa. Bashi Lombe anafunsa ngati nawonso apita nawo. Lombe anayankha kuti vuto lake ndi iwowo. Mawu amenewa anawalasa kuposa onse amene Belita anawakalipirapo, ndipo anachita mantha enieni kuti mkazi wawo achoka pakhomo asakuwadziwa.

Bashi Lombe anapempha kuti ayambe apita kuchipatala chachikulu. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, wamng'ono kuposa Lombe. Anawayeza Bana Lombe ndi kuwafunsa mafunso, ndipo ambiri mwa mafunsowo anayankhidwa kuti akafunse Ba Fanwell akaweruka. Kenako anatenga ubongo wa pulasitiki pashelefu n'kuuika patebulo. Bashi Lombe anavula chipewa n'kufunsa kuti unali wa ndani.

Dokotalayo anaugawa pakati n'kuloza kachigawo kakang'ono kam'kati, cha kufupi ndi khutu. Anati matendawa amayambira apa, posungira zatsopano, n'chifukwa chake za dzulo zimapita koma za pautsikana zimatsala. Anati mankhwala ochiziratu palibe, ndipo sakufuna kuwanamiza. Koma nyimbo, iye anatero, sikhala malo amodzi. Kugunda kwake kumakhala kumene kumayendetsa miyendo, kukwera ndi kutsika kwake kumakhala kwina, mawu ake kwina, ndipo chimwemwe chimene munthu anali nacho poivina chimakhala kwinanso. Matenda amachedwa kufika konseko. Nyimbo za paunyamata ndiye zimakanirira kuposa zonse, ndipo zikadzuka zimakoka zina zimene zinagona nazo limodzi, nkhope, mayina ndi malo.

Bashi Lombe anavomera ndi mutu. Anati zimenezo akuzimva bwino, madzi akalowa mumgodi sadzaza njira zonse tsiku limodzi, ndipo munthu akatsekeredwa pansi mumagogoda paipi mpaka ayankhe. Dokotalayo anati n'zomwezo, kungoti asayembekezere kuti munthuyo atuluka n'kukhaliratu kunja. Akhoza kuyankha kwa kanthawi n'kubwereranso. Atatero anafunsa ngati panali nyimbo imene ankavina ali pachibwenzi.

Inalipo. Inali nyimbo ya kuholo ya anthu a kumgodi, yonena za mnyamata wa njinga yopanda mabuleki, amene sangaime kwina kulikonse koma pakhomo pa mtsikana wake, bola mpanda ukhale wolimba. Dokotalayo analakwitsa n'kunena kuti aimbeko pang'ono. Asanamalize mzere wachiwiri namwino analowa akuthamanga kudzafunsa amene akubuula. Koma dokotalayo anachita nazo chidwi. Anawaimbira mawu awiri, ena okwera ena otsika, n'kufunsa kuti okwera ndi ati. Bashi Lombe anati onse ndi abwino. Dokotalayo anafotokoza kuti makutu awo alibe vuto, kungoti anthu ena amabadwa kanjira ka muubongo kosiyanitsira kukwera ndi kutsika kwa mawu kali kopapatiza, ndipo si mlandu wawo. Bashi Lombe anamupempha kuti zimenezi adzazinenenso Lamlungu kutchalitchi.

"Mukawaimbire, atate," anatero dokotalayo.

"Adokotala," anatero Lombe, "ife tikufuna amayi akumbuke, osati athawe."

Choncho Lombe anapita kwa Ba Kapembwa, mkulu wa kwaya, amene asanatembenuke mtima ankaimba gitala kuholo komwe kuja. Ba Kapembwa anali munthu wamfupi wa mawu osalala, ndipo paunyamata wawo anafunsirapo Belita n'kukanidwa. Mpaka ukalamba sanamvetse kuti mkazi wodziwa nyimbo anawasiya bwanji iwo n'kutenga mlonda wa njinga. Poyamba anakana, ati nyimbo za dziko anazisiya. Atamva kuti kukhala nkhuku ndi thobwa la munkoyo anati apemphera kaye, ndipo yankho silinachedwe.

Loweruka masana anafika ndi gitala ndi theka la kwaya, onse atavala yunifolomu. Pofuna kuteteza mbiri yawo anali atasintha mawu, moti njinga ija tsopano inkapita kumwamba, ndipo mabuleki inalibe chifukwa cha chikhulupiriro. Bana Lombe anakhala pamphasa akuwayang'ana ngati anthu osochera. Lombe anawanong'oneza Ba Kapembwa kuti nkhuku sinaphedwebe, ikhoza kukhululukidwa. Ba Kapembwa anayang'ana kumwamba, anapepesa, n'kuiyamba nyimbo yeniyeni.

Chinayamba n'chala chachikulu cha kuphazi. Kenako phewa. Kenako Bana Lombe anakweza mutu n'kutsegula pakamwa, ndipo mawu aja amene anthu anali atawaiwala anatuluka ali bwinobwino ngati anawasiya dzulo. Mayi amene m'mawa womwewo sanadziwe ntchito ya supuni anaimba nyimbo yonse osaphonya, kuphatikizapo ndime ina imene Ba Kapembwa anailumpha dala, yonena zimene mnyamata uja anachita atagunda mpanda. Amayi a kwaya anagwira pakamwa, koma ziuno zinkagwedezeka. Bana Lombe anadzuka n'kuvina, fumbi koboo. Atafika pa Ba Kapembwa anawayang'anitsitsa n'kuwatchula dzina la paubwana.

"Iwe Kafupi, sunakulebe? Usavutike ndi gitalayo, yankho langa ndi lomwe lija."

Zala za Ba Kapembwa zinasokonekera pazingwe. Bashi Lombe mtima unadumpha. Ngati akumbuka wokanidwa, alephera bwanji kukumbuka wololedwa? Anatsika pakhonde, anakonza kolala, n'kulowa m'bwalo atatambasula manja, pakamwa atatseka zolimba monga anawalamulira Lombe. Bana Lombe atatembenuka n'kuwaona, manyazi anawagwira ngati awapeza akusamba, poti anali atavina chonchija pamaso pa apongozi. Anagwada, anafunda chitenje kumutu, n'kukwawira m'nyumba. A kwaya anadya nkhuku yawo mwakachetechete n'kumapita.

Mawa lake Lombe anayamba kulongedza. Bashi Lombe sanapite kukalondera njinga. Anaona kuti lamba wa nsapato ya akazi awo waduka, ndipo sanafune kuti akafike ku Ndola ndi nsapato yoduka, anthu n'kumati alibe mwamuna. Anatenga singano ndi ulusi n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera la khitchini, kuti asaoneke, mwina mayiyo angadyeko futali amene Lombe anawaikira. Chisoni chinawakwana, ndipo maso ali pasingano sanadziwe zimene pakamwa pakuchita. Nyimbo ya njinga ija inayamba kutuluka yokha, mmene ankaiimbira kale poperekeza Belita kuchokera kuholo, poyenera kukwera akutsika, mabuleki akufika mochedwa, mpanda akuugunda kawiri. Galu wa aneba anadzuka n'kusamukira kwina.

"Bashi Lombe."

Singano inalowa m'chala. Sanayerekeze kucheuka. Lombe, amene anali pakhomo ndi chikwama, anaima pomwepo, poti dzina lakelo anali atatha miyezi asanalimve pakamwa pa mayi ake.

"Bashi Lombe, ndikunena inu. Ndinakuuzani kangati kuti pakhomo pano musamaimbe? Anthu aziti tikupha nkhumba Lamlungu."

Bana Lombe anali ataima pakona pa nyumba, osagwada, manja ali m'chiuno, akuwayang'ana m'maso mwenimweni. Nyimbo yolondola ya dzulo ija inali ya aliyense amene anavinapo kuholo, koma yokhotayi inali ya munthu mmodzi yekha, ndipo inabwera itamukoka mwini wake. Bashi Lombe misozi inangoti mbwe mbwe mbwe, kwinaku akuseka ngati chitsiru. Bana Lombe anawafunsa chimene akulira munthu wamkulu chonchi, anawafunsa kuti akalamba liti osanena, anawafunsanso kuti ndani wawatuma kusoka ndi ulusi wofiira nsapato yakuda. Chilichonse Bashi Lombe ankangovomera mwaulemu kuti mukwai, mukwai, ngati akulandira mphatso.

Bana Lombe anawakokera m'khitchini kuti asambe m'manja, anawakalipira kuti sanasambe bwino, n'kukankhira mbale ya futali pakati pawo. Anayamba kudyera mbale imodzi, ndipo Bana Lombe anadya ngati munthu wochokera kumunda. Lombe anawayang'ana kanthawi, kenako anatsitsa chikwama pansi n'kuyamba kutulutsamo zitenje, akupukuta m'maso ndi chimodzi mwa izo.

Ali pakati pa kudya Bana Lombe anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Koma inuyo munali kuti masiku onsewa? Ndakhala ndikukudikirani pageti. Mwandisiya ndekha ndi atate anu."

"Ndinali pansi, Bana Lombe. Ntchito inachuluka."

"Musamatero. Atate anu ndi munthu wabwino, sadandaula kanthu, koma amandimvetsa chisoni. Amangokhala pakhondepo n'kumandiyang'ana ngati ali ndi mawu. Muwauze abwerere kwawo. Akuoneka kuti awasowa akazi awo."

Bashi Lombe anakankhira mbale kwa akazi awo. Anati ee, awasowadi kwambiri, ndipo awauza. Kenako anaona maso a akazi awo akuyamba kupita kutali, dzanja likufunafuna nsonga ya chitenje kuti afunde kumutu. Anakhosomola pang'ono n'kuiyambanso nyimbo ija pomwe anaisiyira, mkamwa muli mbatata.